Pulogramu Imene Iyembekeza Mlimi

Mlimi wa kwa Kawinga amene alawirira kumunda, kapena msodzi amene acezera pa nyanja ya Chiuta, kawirikawiri aphonya mau a alangizi pa wailesi. Wailesi siyembekeza munthu. Zakhala comweco kuyambira 1949, pamene mawailesi otsika mtengo a Saucepan Special anayamba kugulitsidwa kuti anthu amve Cinyanja cocokera ku Lusaka, ndiponso 1964 pamene MBC inakhazikitsidwa. Koma uphungu wina ngwosayenera kuuphonya. M'caka ca 2017 mbozi za nchemberezandonda zinaononga cimanga m'maboma ambiri, ndipo tizirombo totere tithamanga koposa mthenga wocedwa.

Masiku ano pali njira yina, dzina lace podcast, liu limene linayamba kumveka mu 2004. Iyi ndi pulogramu ya mau yosungidwa pa intaneti, imene munthu amvera pa foni nthawi imene iye mwini afuna. Kalabu ya alimi ku Ntaja, kapena gulu la amai ku Balaka, likhoza kukhala ndi yaceyace, m'Ciyao, m'Cilomwe kapena m'Cicewa.

Cinsinsi cace ciri pa keyala yapadera ya dzina loti RSS. Keyala imeneyi iri ngati bokosi la ku positi: sisintha, koma mwini pulogramu aponyamo katundu watsopano nthawi ndi nthawi. Womvera akangolembetsa kamodzi, foni yace iyang'ana yokha m'bokosimo, nimdziwitsa pamene gawo latsopano lafika.

Gulu lofuna kuyamba licite motere:

1. Lijambule mau pa foni m'nyumba ya phee, kutali ndi cigayo ndi mseu. Mlangizi alankhule nkhani imodzi yokha, monga kuyendera munda kufuna mazira a mbozi pa masamba a cimanga.

2. Mauwo asungidwe mwa mtundu wa MP3, ndipo akhale aafupi. Mphindi 10 za kulankhula, zikapanikizidwa pa 64 kbps, zidya pafupifupi 5 MB. Pulogramu yaitali itha bandulo ya womvera, ndipo iye sadzabweranso.

3. Mlembi wa gulu atsegule malo kwa osunga mapulogramu pa intaneti. Ena a iwo, monga Spotify, salipiritsa. Pamenepo alembe dzina la pulogramu, mau ofotokoza, ndi cithunzi cimodzi, kenaka aikepo gawo loyamba.

4. Osungawo apereka keyala ya RSS ija. Mlembi aitumize ku Apple Podcasts ndi kwina kumene anthu afunako mapulogramu, aigawenso kwa mamembala pa WhatsApp.

5. Keyalayo ndi mau obisika otsegulira malowo zilembedwe m'buku la gulu, ndipo azidziwe anthu awiri. Zikatayika pamodzi ndi foni ya munthu mmodzi, gulu silingathenso kutumiza kanthu kwa onse amene analembetsa.

Pali malamulo awiri osaiwalika. Munthu asajambulidwe mau asanabvomere, ngakhale akhale mfumu kapena mwana wa sukulu. Ndiponso nyimbo za oimba ena ziri ndi eni ace. Wofuna kuziika ayambe wafunsa ku bungwe la COSOMA.

Si onse a m'mudzi ali ndi foni ya intaneti, ndipo netiweki sifika bwino kuli konse. Cifukwa cace mmodzi wopita ku msika, kumene netiweki igwira, atsitse gawolo m'foni mwace. Pobwera agawire anzace pa Bluetooth kapena pa memore khadi popanda kulipira kanthu, ndipo madzulo onse amvere pamodzi pabwalo.

Cotsiriza ndico kusunga tsiku. Gulu likalonjeza gawo latsopano Lacisanu liri lonse, lisalephere, makamaka m'miyezi ya dzinja pamene mbeu ziri m'munda ndipo uphungu ufunika msanga.