Ndalama Zikamachoka Zokha pa Khadi: Mafunso ndi Mayankho

WOULUTSA: Makalata ambiri a sabata ino abwera ndi dandaulo limodzi. Sizodabwitsa, poti msika wa fodya ku Chinkhoma uli mkati ndipo anthu ayamba kusuzumira m'maakaunti mwawo. Mlendo wathu ndi mayi amene ntchito yawo ndi yoona madandaulo a anthu osunga ndalama ku banki. Mayi, takulandirani.

KATSWIRI: Zikomo bambo. Muluwo ndauona, tiyeni tiyambepo.

WOULUTSA: Yoyamba yachokera kwa mlimi wina wa kwa Santhe. Akuti: "Chaka chatha mphwanga anandibwereka khadi ya ATM, ati akufuna kuonera mpira pa foni ndipo sabata yoyamba ndi yaulere. Anandibwezera tsiku lomwelo. Ndalama za fodya zitalowa ndinakatenga sitetimenti, ndipo ndapeza kuti mwezi uliwonse pakuchoka pafupifupi K18,000 kupita ku dzina lachizungu lomwe sindikulidziwa. Khadi ili m'thumba mwanga, PIN sindinauze munthu. Kodi akundibera ndi a ku banki?"

KATSWIRI: Pepani bambo a kwa Santhe. A ku banki ali ndi zolakwa zawo, tizinena, koma apa si iwo. Pa intaneti khadi siifuna PIN. Ngati khadi yanu ili ndi chizindikiro cha Visa kapena Mastercard, wogulitsa amangofuna zinthu zitatu: manambala 16 a kutsogolo aja, mwezi ndi chaka chimene khadi idzathere ntchito, ndi manambala atatu a kumbuyo. Mphwanu anakubwezerani pulasitiki, koma zinthu zitatuzo zinatsala kwa eni pulogalamu yoonerapo mpira ija.

Mawu akuti "yaulere" aja amakhala ndi mchira wolembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono: sabata ikatha tizidula mwezi ndi mwezi mpaka mutatiletsa. Amadula madola, ndiye chifukwa chake ndalamayo siifanana ndendende mwezi uliwonse. Amene anakodwa kale anaona mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti: madola 10 omwe ankadya pafupifupi K12,000 anayamba kudya K17,000. Ndalamayo amaichepetsa dala kuti musaione msanga. Zili ngati nankafumbwe, thumba limaoneka lodzaza pomwe m'kati mwatsala ufa.

WOULUTSA: Ndiye kuti ndi timakampani ta akathyali tokhatokha?

KATSWIRI: Ayi bambo, ngakhale akuluakulu. Mu Sepitembala 2025 kampani ya Amazon inavomera kulipira madola 2.5 biliyoni pofuna kuthetsa mlandu umene bungwe la boma la America loteteza ogula, la FTC, linaisumira. Mlandu wake unali womwewu, kulembetsa anthu pa pulogalamu yake yolipiritsa ya Prime asakudziwa bwino, kenako nkuwazunguza akafuna kutuluka. Ngati anthu a ku America, omwe Chingerezi ndi chawo, anakodwa, mlimi wa kwa Santhe asadzione ngati wopepera.

WOULUTSA: Nanga achite chiyani?

KATSWIRI: Mawa m'mawa akhale ali pa boma. Akauze a banki kuti abuloke khadiyo ndipo awapatse ina. Koma asathere pomwepo, chifukwa nthawi zina wogulitsa amatha kutsatira mpaka pa khadi yatsopano. Aitane mphwawo uja, atsegule foni, alowe pomwe analembetsa paja, kaya ndi m'pulogalamu momwemo kaya pa Google Play, aletse. Chikatuluka chotsimikiza kuti aletsa, achijambule ndi kuchisunga.

Chachiwiri, apemphe fomu yokana ndalama zomwe zadulidwazo. A banki amati chargeback. Banki yanu imatumiza dandaulo kudzera kwa Visa kapena Mastercard kupita ku banki ya wogulitsa, wogulitsayo amapatsidwa mpata woonetsa umboni woti munavomera, ndipo akalephera ndalama imabwerera. Koma pali nthawi yake. Pa madandaulo ambiri malamulo a makampani awiriwa amapereka masiku 120 kuchokera pomwe ndalama inadulidwa. Apa ndi pomwe alimi athu amapwetekera, poti ambiri sitetimenti amaiona kamodzi pa chaka, nthawi ya okushoni. Za miyezi inayi yapitayi mutha kulimbana nazo. Za chaka chatha, bambo, sindikunamizani, mwayi ndi wochepa.

Ndipo mukanene zoona, kuti khadi munabwereketsa. A banki akwiya pang'ono poti pangano lanu limaletsa zimenezo. Koma mukanama kuti simukudziwapo kanthu, wogulitsa nkutulutsa imelo ndi nambala ya foni ya mphwanu, dandaulo lonse lafera pomwepo.

WOULUTSA: Aphunzitsi ena a ku Chamama alemba mwachidule. Akuti khadi yawo sanabwereketsepo munthu, za pa intaneti sagula, koma usiku wina analandira mauthenga awiri oti padulidwa K1,800, kenako K900. Akufunsa ngati nkoyenera kuwononga ndalama ya thiransipoti chifukwa cha timakobidi totere.

KATSWIRI: Aphunzitsi, thiransipotiyo ilipireni, ndipo musanakwere galimoto imbani nambala yomwe ili kumbuyo kwa khadi kuti aitseke. Akuba akapeza manambala a khadi, kaya wina anaijambula pomwe munkalipira m'sitolo, amayamba ndi kandalama kakang'ono pofuna kuona ngati khadiyo ili moyo. Ikayankha amabwera ndi yaikulu, makamaka kumapeto kwa mwezi malipiro atalowa. Mlandu wanu ndi wolimba kuposa wa bambo a kwa Santhe, poti simunavomere chilichonse. Pa fomu mulembe momveka kuti simunalole ndipo khadi inali m'manja mwanu. A banki akafuna lipoti la apolisi, katengeni. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limati kuba kudzera pa makina a kompyuta ndi mlandu.

WOULUTSA: Iyi ndi yomvetsa chisoni. Mayi wina wochita geni ku Nkhamenya akuti atadandaula pa tsamba la Facebook za ndalama zodulidwa, anaimbiridwa foni ndi munthu wodzitcha wa ku banki. Anawauza kuti abweza ndalamazo akangomuwerengera manambala omwe abwere pa foni. Anawerenga. Ndalama ya mpamba yonse yapita.

KATSWIRI: Aaa, mayi, pepani kwambiri. Manambala amenewo ndi OTP, ndipo ndi siginecha yanu. Uthengawo mukauwerenga bwino umanena kuti musauze munthu. Wa ku banki weniweni sakufunsani PIN, OTP kapena manambala atatu a kumbuyo, ngakhale atakutchulani dzina ndi mfunda womwe. Vuto lake ndi lakuti OTP ikalowetsedwa, makina amalemba kuti mwini khadi wavomera, ndiye a banki amaumirira pamenepo. Dandaulo mukalembe ndithu, lero lomwe, ndipo nambala yomwe inakuimbiraniyo mukaipereke ku polisi ndi ku kampani ya foni. Kuyambira 2018 simu iliyonse imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, ndiye pali poyambira, ngakhale akuba ambiri amagwiritsa ntchito maina a anthu ena. Koma sindingakulonjezeni kuti mpambawo ubwerera.

WOULUTSA: Mnyamata wina wa ku Mtunthama akuti iye alibe khadi, koma mayunitsi akangoika amatha asanaimbe.

KATSWIRI: Ndi matenda omwewo, kungoti alowera pa foni. Mwina unadina kenakake ka nyimbo zoitanira, masewera kapena zotsatira za mpira, mwana wanga. Imbira kampani yako, kaya Airtel kaya TNM, akuwerengere zonse zomwe nambala yako inalembetsa, nkuzichotsa. Akakuzengereza, madandaulo a mafoni amapita ku MACRA.

WOULUTSA: Yomaliza, poti nthawi yatithera, ndi ya mlembi wa kalabu ya alimi kwa Wimbe. Akuti wapita ku banki kangapo ndipo yankho ndi limodzi: "Tikuona, mubwerenso."

KATSWIRI: Apa ndiye pomwe ndimawadzudzula anzanga a ku banki. Munthu wayenda mtunda wautali, masiku 120 aja akuwerengeka, iwo akungoti mubwerenso. Achimwene, zapakamwa zilekeni. Lembani kalata kwa manijala wa nthambiyo, mutchule tsiku, ndalama ndi dzina lomwe likuoneka pa sitetimenti pa kudula kulikonse. Mupange makope awiri, ina akudindireni ndi kulembapo tsiku, ndipo akupatseni nambala ya dandaulo lanu. Akapanda kukuyankhani, kapena yankho likapanda kukukhutiritsani, pitani nazo ku Reserve Bank of Malawi. Pansi pa lamulo la Financial Services la 2010, Gavanala wa Reserve Bank ndiye woyang'anira mabanki onse, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala. Likulu lili ku Lilongwe, nthambi zili ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Choyamba chomwe akakufunseni ndi umboni woti munayamba mwadandaula ku banki yanu, ndiye kope yodindidwa ija musaisiye kunyumba.

WOULUTSA: Makalata otsalawa tiwawerenga sabata ya mawa.