PHUNZIRO 17: NKHUKU ZA M'MADZI ZA M'DAMBO MWATHU

Abambo ndi amayi, sabata yatha tidaphunzira za kukonza dimba ndi nazale ya fodya. Lero tisachokeko msanga kudamboko. Tiyeni tione mbalame zimene timakumana nazo potunga madzi othirira.

Ndani sadaonepo kambalame kakuda bii, ka miyendo yofiira ndi mlomo wachikasu, kakuyenda m'mbali mwa dziŵe uku kakugwedeza mchira? Munthu ukasendera pafupi sikauluka ai. Kamangothamanga n'kuloŵa m'bango, basi osakaonanso. Kambalame aka kali ndi abale ake ambiri. Ku nyanja ya Chilwa ku Malaŵi, ena mwa abaleŵa amatchedwa nthutuwiri ndi nadititi. M'phunziro lino zonsezi tizizitcha nkhuku za m'madzi, koma inu mutiuze maina amene makolo kuno ku Mualadzi adakusiyirani, tiŵalembe pabolodi.

Banja lake

Akatswiri amaika mbalame m'mabanja, monga ife tili ndi a Phiri, a Banda ndi a Mwale. Banja la nkhuku za m'madzi amalitcha Rallidae. M'banjamo muli mitundu pafupifupi 150, ndipo imapezeka ku Africa, Ulaya, Asia, America, Australia ndi pa zilumba zambiri za m'nyanja zamchere.

Tingazidziŵe bwanji? Thupi lake ndi lopyapyala ngati wina walipana m'mbali, n'chifukwa chake zimadutsa pakati pa bango osagwedeza ngakhale phesi limodzi. Zala ndi zazitali kuti zisamire m'matope. Mapiko ndi mchira ndi zazifupi.

Dzina lisatinamize. Mbalamezi si abale a nkhuku yathu ya m'khola, kapena nkhanga, nkhwali ndi zinziri. Palinso ina yofiirira, ya khosi loyera ndi zala zazitali zedi, imene imayenda pamwamba pa masamba a m'madzi. Iyonso ndi ya banja lina. Kumwera dziŵe limodzi si chibale.

M'mabuku mtundu uliwonse uli ndi dzina la mau aŵiri a Chilatini. Mau oyamba ali ngati chiwongo, achiŵiri ndi dzina la mwini wake. Kalembedwe aka adakakhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, m'buku lake la 1758. Kambalame kathu kakuda kaja ndi Zapornia flavirostra. Mabuku akale amakalemba kuti Limnocorax kapena Amaurornis. Chiwongo chidasintha akatswiri atayamba kuyeza DNA, ndiye kuti chizindikiro cha chibale chopezeka m'magazi ndi m'nthenga.

Eni mudzi ndi alendo

Kakuda kaja ndi mwini mudzi. Timakaona chilimwe ndi dzinja lomwe, bola madzi ndi bango zikhalepo. Kamapezeka pafupifupi m'maiko onse a kumwera kwa chipululu cha Sahara, kupatula kumene kuli kouma kwambiri. Kamadya tizilombo, nkhono, nyongolotsi, ana a achule ndi tinsomba. Chisa chake chimakhala m'bango pamwamba pa madzi, ndipo kaŵirikaŵiri mumakhala mazira atatu. Anapiye amaswa ali akuda ngati makala. Ana oyamba akakula amathandiza makolo kudyetsa ang'ono ao. Eti mbalame kudziŵa kulera mng'ono wake!

Wina ndi mlendo wa dzinja. Dzina lake ndi Crecopsis egregia. Pamsana ndi wofiirira wa maŵanga akuda, pachifuwa ndi wotuŵa, m'nthiti muli mizere yakuda ndi yoyera. Iyeyu sakonda madzi akuya. Amakonda udzu wa chinyezi wa m'mphepete mwa dambo ndi m'minda. Amafika kuno pamodzi ndi mvula kuchokera ku maiko a pakati pa Africa, amaikira mazira pansi m'tsinde mwa udzu, ndipo udzu ukayamba kuuma amabwerera. Alimi ambiri amamudzidzimutsa popalira n'kumayesa chinziri.

Koma wa ulendo wautali kuposa onse ndi Crex crex. Dzinali adalitenga pa kulira kwake, pakuti tambala wake amachezera usiku wonse kulira kuti krek krek, krek krek. Ife kuno sitimumva, chifukwa amalira kwao nthaŵi yoswana. Kwao ndi ku Ulaya ndi ku Asia mpaka kuzambwe kwa China. Kumeneko kukayamba kuzizira amanyamuka, namauluka usiku, kudutsa Egypt kumene ena amakodwa m'maukonde otchera zinziri. Opulumuka amafika ku Tanzania, Zambia, Malaŵi, Mozambique muno mpaka ku South Africa. Amafika cha m'Novembala ndi Disembala, pamene ife tikubzala chimanga, n'kubwerera cha m'Malichi kapena Epulo, mondokwa atakhwima.

Taganizani, anzathu. Kambalame kolemera magalamu 150 kapena kuposerapo pang'ono, kuuluka makilomita opitirira 6,000, opanda chiphaso, kudzagona m'udzu wa kumunsi kwa munda wanu. Mungakadziŵe kakadzambatuka: mapiko ake ndi ofiira ngati katondo, ndipo miyendo imalendeŵera pouluka.

Mtundu umodzi, nthambi zingapo

Apa timvetsetsane bwino, chifukwa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mtundu umodzi ukafalikira m'maiko otalikirana, mbalame za dera lina zimasiyanako pang'ono ndi za dera lina, pa msinkhu kapena pa nthenga. Zikadali mtundu umodzi, ndipo zitakumana zingathe kuswana. Izi tizizitcha nthambi za mtundu. Nthambi imalandira dzina lachitatu.

Chitsanzo ndi ija yaikulupo imene imasambira ngati bakha, yakuda, ya mphumi yofiira, mzere woyera m'nthiti ndi nthenga zoyera kunsi kwa mchira. Dzina lake ndi Gallinula chloropus. Ya kuno ndi Gallinula chloropus meridionalis. Mau achitatuwo akutanthauza kuti ya kumwera, ndipo ndi yochepa msinkhu poyerekeza ndi ya ku Ulaya. Ya ku Madagascar ndi nthambi ina, kunsi kwa mchira wake n'kofiirira. Ya ku America kale inkaŵerengedwa m'gulu lomweli, koma mu 2011 akatswiri a kumeneko adagamula kuti ndi mtundu paokha. Mlendo wathu Crex crex alibe nthambi, wa ku Ulaya ndi wa ku Asia ndi mmodzi yemweyo.

Ku Madagascar kuli ina ya pakhosi poyera imene imauluka bwinobwino. Kalekale zina mwa izo zidakafika pa chilumba cha Aldabra, kumpoto kwa Madagascar. Kumeneko kudalibe nyama zozigwira, ndiye zidaleka kuuluka mpaka lero. Nthambi inzake inali pa chilumba choyandikana nacho cha Assumption. Anthu atafika kudzakumba zitosi za mbalame zopangira manyowa, adagwetsa tchire, ndipo m'zaka zoyambirira za m'ma 1900 nthambi imeneyo idatheratu.

Nanga zikutikhudza bwanji ife alimi?

Mbalame zonsezi moyo wake uli pa udzu ndi bango. Tsono onani zimene timachita. Chaka ndi chaka dimba limasendera kumadzi mpaka khasu kugunda m'mtsinje. Mu Seputembala ndi Okutobala ana osaka mbeŵa amatentha dambo lonse psiti. Tikatha kupopera fodya kapena matimati timatsukira mpope pa dziŵe lomwelo. Mankhwalawo amapha tizilombo ndi tinsomba timene mbalame zimadya, ndipo paja madzi omwewo ndi amene mbuzi zathu zimamwa.

Bango lija silisunga mbalame zokha. Mizu yake imagwira dothi kuti lisakokoloke, ndipo madzi osefukira akafika pamenepo amachepa mphamvu. Dambo likametedwa mpala, madzi amakumba chigwembe pakati, nayamba kuthamanga, ndiye chitsime cha m'dimba chimauma msanga. Tsiku limene mwaona kuti kakuda kaja kasamuka, yang'anani bwino chitsime chanu.

Ife maganizo athu ndi akuti aliyense wa dimba asiye mzere wa bango ndi udzu pakati pa bedi lomaliza ndi madzi, ngakhale mapazi khumi okha. Pakhomo limodzi lokha sizingathandize. Nkhaniyi ipite kwa anyakwaŵa kuti onse a dambo limodzi apangane. Mpope tizitsukira kumtunda, madzi ake n'kuthira m'dzenje kutali ndi chitsime.

Za moto, tiphunzireko kwa alimi a ku Britain. Makina odulira udzu wa ng'ombe atafika kumeneko, Crex crex adachepa zedi, chifukwa ankadula kuyambira m'mbali kumka pakati, anapiye n'kutsekerezedwa. Tsopano m'madera amene mbalameyi idatsalako amadula mochedwerapo, kuyambira pakati kumka m'mbali, kuti anapiye apeze kothaŵira. Ifenso pomweta udzu wofolera, kapena potentha, tisazungulize dambo lonse. Mbali imodzi itsale.

Sitikukana, mbalamezi ndi ndiwo, ndipo zina zimadyako mpunga. Ku Chilwa, nsomba zikasoŵa monga pamene nyanja idauma mu 1995, mabanja ambiri amadalira kukola mbalame. Koma msampha wa m'Januwale ndi Febuluwale umapha make ndi mazira omwe. Mukapeza chisa popalira, siyani tsinde la udzulo. Mazirawo satenga ngakhale masabata atatu kuti aswe.

Ntchito

Lembani m'kope mau aŵa: dambo, bango, chisa, mlendo, nthambi.

Ndi mbalame iti m'phunziroli imene imakhala nafe chaka chonse? Nanga imene imachokera ku Ulaya imafika mwezi uti?

Ngati chitsime chili mapazi 45 kuchokera pa bedi lanu loyamba, ndipo mwasiya mapazi 10 a bango, malo olima atsala mapazi angati?

Maŵa m'mamaŵa popita kothirira, imani chete pa dziŵe kwa kanthaŵi. Muŵerenge nkhuku za m'madzi zimene muone, ndipo mudzatiuze Lachinai.