Makalata a omvera: borrow, lend ndi fortnight

Zikomo mayi athu a ku Mchinji chifukwa cha kalata yanu. Mukuti aphunzitsi anamuthetha mwana wanu wa Fomu 2 atalemba kuti "borrow me your pen", ndiye mukufunsa kuti walakwitsa pati.

Aphunzitsiwo sanamulakwire, mayi. Mawu akuti borrow amanena za wopempha, uja watambasula dzanja: "I borrowed a pen from my friend." Zochita mwini cholembera ndi lend, choncho mwanayo akanati "lend me your pen." Ifetu timati "ndibwerekeni cholembera" komanso "ndabwereka cholembera", mneni mmodzi kugwira mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake ngakhale mabwana a m'maofesi, ovala mataye, amapunthwa pomwepa. Mumuuzenso kuti zikakhala zochitika kale, lend amasanduka lent, osati lended.

Funso lanu lachiwiri lija, la fortnight, ndi losavuta: ndi masabata awiri basi. Mawuwa anachokera ku Chingerezi chakale chotanthauza mausiku 14. Ku Britain amawakonda, koma ku America samveka kawirikawiri. Ndi dzina, ndiye mumati "in a fortnight."