Kutsikira ku Metangula pa galimoto ya hybrid m'nyengo yotentha

Msewu wochokera ku Lichinga kupita ku Metangula ndi wa phula, ndipo kutalika kwake kumangopitirira pang'ono makilomita 100, motero ambiri amanyamuka osaganizapo kawiri. Koma kwa amene akuyendetsa Toyota Aqua, Prius kapena Honda Fit ya hybrid, magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan amene achuluka m'matauni athu, chofunika kuwerengera ndi kutsika kwa msewuwo. Lichinga ali pamwamba, mamita pafupifupi 1,360 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Niassa, imene kutsidya amaitcha nyanja ya Malawi, ili pa mamita ngati 470. Mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, mumachoka kuli kamphepo n'kukafika kumene mchenga ukuwotcha mapazi. Pa ulendo wotere batire lalikulu la galimoto limatentha kwambiri potsika, ndipo chimene chingalipulumutse ndi mpweya womwewo umene anthu a pampando wakumbuyo akupuma.

Tiyambe ndi mmene batireli limaziziritsidwira, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasochera. Mu Aqua yoyamba, imene inayamba kugulitsidwa mu 2011, batire la mavoti 144 lili pansi pa mpando wakumbuyo. Mu Prius ya 2009 mpaka 2015 lili kuseri kwa mpandowo ndipo ndi la mavoti 201.6. Onse awiri alibe madzi owaziziritsa. Pali kafani kamene kamakoka mpweya wa m'galimoto momwemo kudzera pa kabowo kamizeremizere pambali pa mpando, n'kuupemerera pakati pa zigawo za batire. Tsono taganizani mmene timakwezera katundu pa ulendo wa kunyanja: mayi wakhala kumbuyo, phukusi la zitenje walitsamiritsa pambali pa mpando, mwana wagona pa bulangeti limene mbali yake yalendewera pansi, jumbo ya pulasitiki yamatirira pa kabowo kaja chifukwa fani ikuikoka. Palibe amene walakwa dala, koma batire latsekedwa mphuno. Makaniko akamasula fani ya galimoto imene yayenda zaka zingapo m'fumbi, amapeza timapiko take titakutidwa ndi chinthu chonga thonje lakuda, fumbi losakanikirana ndi tsitsi ndi ulusi wa zovala. Fani yotero imalira kwambiri koma mphepo yake ndi yochepa. Ntchito yoitsuka si yaitali, ndipo iyenera kuchitika musananyamuke ku Blantyre, Lilongwe kapena Nampula, kwa munthu wozolowera magalimoto amenewa. Metangula ndi tauni yaing'ono, musadalire kuti mukapeza zipangizo za hybrid kumeneko.

Ochokera ku Malawi amadzera ku Mangochi, kukwera mapiri a ku Namwera, kudinditsa pa Chiponde ndi pa Mandimba, kenako kutsata msewu wa N13 makilomita ngati 150 mpaka ku Lichinga. Pa chipata pamafunika chiphaso cholowetsera galimoto kwa kanthawi ndi inshulansi ya ku Mozambique, ndipo m'galimoto mukhale zikwangwani ziwiri zamakona atatu ndi chovala chonyezimira. Ndi bwino kugona ku Lichinga, kudzadza petulo konko, n'kulawira m'mamawa. Petuloyo musamuchepetse poganiza kuti batire likuthandizani akatha: pa magetsi okha galimoto zimenezi zimangoyenda kilomita imodzi kapena awiri, ndipo mu Aqua ndi Prius batire lalikulu likatheratu injini siingalirenso, pakuti ndi lomwelo limene limailiza.

Mukadutsa Maniamba msewu umayamba kutsetsereka ndithu, ndipo apa ndi poyenera kusamala. Mukaponda buleki pa hybrid, mota imasanduka jenereta ndipo mphamvu ya kutsikayo imalowa m'batire. M'tauni zimenezi ndi phindu. Pa mtsetse wautali masamu ake amasintha. Galimoto yolemera makilogalamu 1,300 pamodzi ndi anthu ndi katundu, ikatsika mamita 900, imamasula mphamvu yokwana pafupifupi 3 kWh. Batire lonse la Aqua silifika ngakhale 1 kWh, ndiponso kompyuta ya galimoto imangolola gawo lapakati la mphamvuyo kugwira ntchito. Choncho limadzadza msanga, ndipo mabatire a mtundu wa nickel ngati limeneli amatulutsa kutentha kwambiri akamalandira moto ali pafupi kudzadza. Likadzadza, ntchito yonse imagwera mabuleki a m'mateyala, amene nawonso amayamba kununkha. Mankhwala ake ali pa giya pomwepo: ikani pa B mtsetse usanayambe. Injini idzalira mokweza ngati ikudandaula, koma sikumwa petulo, ikungozungulira kuti igwire galimoto, ndipo mphamvu imene ikanawotcha batire ndi mabuleki ikutayikira mmenemo. Chizolowezi cha madalaivala ena chotsika phiri giya ili pa N n'choopsa kwambiri pa hybrid, chifukwa pamenepo mota ndi injini zonse zimasiya kugwira ndipo mwatsala ndi mabuleki okha.

Wina anena kuti AC imadya petulo, ndipo pa Aqua ndi Prius makina ake amayendera batire lomwelo limene tikufuna kuliteteza, ndiye kuiyatsa si kulisenzetsa katundu wina? Funsoli ndi lanzeru, ndipo n'zoona kuti AC imakoka moto. Komatu potsika phiri moto ndi umene wachuluka mpaka kusowa poulowetsa, motero AC ikudya chimene chikanatayika. Ndipo popeza fani imakoka mpweya wa m'kati, kusiyana kwa galimoto yoziziritsidwa ndi yosaziziritsidwa ndi kumene kumalamula ngati batire lizizire kapena ayi. Kutsegula mawindo kumathandiza anthu chifukwa thukuta limauma ndi mphepo, koma batire silituluka thukuta. Limangolandira mpweya wotentha wa panja pamodzi ndi fumbi lake. Petulo amene mungapulumutse pa makilomita 100 ndi wochepa zedi poyerekeza ndi mtengo wa batire lina. Chimodzi chokha musamale: podzadzitsa gasi wa AC, makina amagetsi amenewa amafuna mafuta akeake otchedwa ND-11, ndipo mafuta wamba a AC amatha kuyambitsa vuto la magetsi.

Ena amapitirira n'kunena kuti hybrid si galimoto ya kumalo otentha. Koma Prius yakhala pa msika kuyambira 1997 ndipo yagwira ntchito ya takisi m'mizinda yotentha kuposa Metangula. Vuto lenileni ndi lakuti magalimoto ambiri amafika kuno batire lake litakalamba kale, ndipo batire lokalamba limatentha msanga pa ntchito yomweyo. Zizindikiro zake zimaoneka msanga kwa dalaivala watcheru: fani ya kumbuyo kulira ngati chimphepo, mizere ya batire pa dashibodi kudzadza ndi kutsika m'kanthawi kochepa, injini kukana kuzima pa malo oima, galimoto kulemera pokwera. Mukaona zimenezi imani pamthunzi, ikani pa P, musazime, siyani nyali ya READY ikuyaka ndi AC ikugwira ntchito, chotsani chilichonse pa kabowo kaja, mudikire mphindi 15 kapena kuposerapo. Musathire madzi pa batire, ndipo mawaya a mtundu wa olenje musawakhudze ngakhale galimoto itazima.

Nyali yochenjeza za hybrid ikayaka ndipo mphamvu yachepa, kayikirani chipangizo china, inverter, imene ili kutsogolo pafupi ndi injini. Iyoyo imaziziritsidwa ndi madzi, ili ndi kathanki kake ndi pampu yakeyake yamagetsi. Galimoto ili pa READY, yang'anani madzi apinki a m'kathankiko: pampu ikamagwira ntchito amaoneka akuyendayenda, ikafa amangoti zii. Pampu imeneyi inavutitsa kwambiri Prius ya 2004 mpaka 2009, moti Toyota inaitanitsa magalimoto ambiri kuti akasinthidwe. Ngati madzi aima, zimitsani ndipo musakakamize. Musawonjezere madzi a m'nyanja, ndipo pokoka galimoto mateyala akutsogolo asagunde pansi. Kachipangizo kotsika mtengo kowerengera zolakwika ka OBD, kolumikiza ku foni, kamachotsa zongoganizira: P0A93 ikuloza kuziziritsa kwa inverter, P0A80 ikuloza batire lenilenilo.

Mukafika ku Metangula, mtima umathamangira kunyanja, koma mphindi zoyambazo n'zofunika. Batire lafika lodzadza ndi lotentha, ndipo mukazimitsa galimoto fani nayo imaima, pamene m'galimoto yotsekedwa padzuwa kutentha kumatha kupitirira madigiri 60. Pezani mthunzi wa mango, isiyeni pa READY ndi AC kwa mphindi zingapo, kenako zimitsani. Ku gombe la Chuanga, makilomita ngati 8 kumpoto, ndi ku mishoni yakale ya Anglican ya Messumba mungafike mukamayenda mofatsa m'chilimwe. Njira yopitirira mpaka ku Cóbuè, moyang'anana ndi chilumba cha Likoma, ndi yafumbi ndi miyala, ndipo Aqua, imene mimba yake yatalikira pansi ndi masentimita 14 okha, ndi bwino kuisiya ku Metangula. Pobwerera nyamukani dzuwa lisanatuluke. Eni Honda Fit ya hybrid ya 2013 mpaka 2020 asakwawe kumbuyo kwa lole pa chitunda, chifukwa kilatchi yake imatentha ikamayenda pang'onopang'ono. Ndi bwino kuima pambali lole ipite kaye. Dengu la usipa ndi chambo chowamba ziikeni m'buti zitakutidwa bwino, ndipo mchenga wa ku Chuanga muukutumule pa mphasa za pansi musanalize galimoto, chifukwa fani ija imakoka chilichonse chili pafupi ndi mpando.