Sunagoge, Sukulu ya Ana ndi Makolo Omwe

MFUNDO YAIKULU: Mtundu wa anthu ukhoza kutaya dziko ndi Kachisi, nkukhalabe ndi moyo. Koma ukaleka kuphunzitsa ana ake, mbadwo umodzi wokha ukwanira kuufafaniza.

KACHISI ATAGWA. M'chaka cha 70 Khristu atabadwa, ankhondo a Aroma anatentha Kachisi wa ku Yerusalemu. Nsembe zinalekeka, ndipo ansembe anasowa guwa lotumikirapo. Tikadayembekeza kuti chipembedzo cha Ayuda chithera pomwepo, monga zinathera zipembedzo za Amoabu ndi Aamoni. Koma sichinathe. Mphunzitsi wina, Yohanan ben Zakkai, anasonkhanitsa ophunzira m'mudzi wa Yavneh, ndipo kuwerenga Chilamulo ndi kupemphera kunalowa m'malo mwa nsembe. Nyumba yochitiramo zimenezi inalipo kale, ndiyo sunagoge.

Mwala wolembedwa m'Chigriki, umene unafukulidwa ku Yerusalemu m'chaka cha 1913, utiuza kuti munthu wina dzina lake Theodotus anamanga sunagoge kuti anthu aziwerengamo Chilamulo ndi kuphunzitsidwa malamulo, namangaponso zipinda zogona alendo ochokera kutali. Chotero kuyambira kale sunagoge anali nyumba ya pemphero, ya maphunziro, ndi yosamaliramo anthu. Kufikira lero Ayuda ambiri amutcha "shul," kutanthauza sukulu.

Werengani Deuteronomo 6:4-9. Kodi udindo wa kuphunzitsa ana unapatsidwa kwa yani poyamba? Nanga ntchitoyi iyenera kuchitika nthawi ziti?

MWANA WOPANDA ATATE. Mose anaika ntchitoyi m'manja mwa makolo. Koma panali vuto: nanga mwana wamasiye adzamphunzitsa ndani? Buku la Talmud lisimba kuti Joshua ben Gamla, amene anali mkulu wa ansembe zaka zowerengeka Kachisi asanagwe, analamula kuti m'mudzi uliwonse mukhale aphunzitsi, ndi kuti ana ayambe sukulu ali ndi zaka 6 kapena 7. Pambuyo pake akuluakulu anaweruza kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 25, ndipo akafika 40 apatsidwe womthandiza. Tiona pano kuti mudzi sunalande udindo wa makolo, koma unatseka mpata kuti mwana wosowa atate asasowenso Chilamulo.

M'zaka za pakati, Ayuda a ku Ulaya anali ndi mwambo wopaka uchi pa zilembo za Chihebri tsiku loyamba la sukulu, kuti mwana anyambite. Makolo athu amati m'mera mpoyamba. Iwonso anadziwa kuti chimene mwana walawa chikali chozuna sadzachitaya msanga.

SUNAGOGE WA LERO. Mabuku asanu a Mose agawidwa m'zigawo 54, ndipo masunagoge ambiri amawerenga onse pa chaka chimodzi, Sabata ndi Sabata. Akatsiriza Deuteronomo, tsiku lomwelo ayambanso Genesis, akuvina ndi mipukutu pamodzi ndi ana. M'maiko ambiri ana amapita ku sunagoge ataweruka ku sukulu, kapena tsiku loyamba la mlungu, kukaphunzira Chihebri, mapemphero ndi mbiri ya mtundu wao.

Mnyamata akakwanitsa zaka 13 atchedwa "bar mitzvah," ndiko kuti wosenza yekha malamulo, ndipo aitanidwa kukawerenga pamaso pa msonkhano wonse. Mtsikana atchedwa "bat mitzvah" pa zaka 12 kapena 13. Mwambo woyamba wotere ku America unachitika ku New York m'chaka cha 1922. Mapemphero ena sanganenedwe popanda anthu akulu 10, kotero kuti mnyamata wa zaka 13 akhoza kukhala wachikhumi amene onse akumdikira. Mwana wodziwa kuti akusowedwa sachoka msanga.

Werengani Luka 4:16-21. Kodi chizolowezi cha Yesu cholowa m'sunagoge tsiku la Sabata chitiuza chiyani za m'mene analeredwera ku Nazarete?

KUNYUMBA. Sunagoge aphunzitsa, koma banja ndilo lichita. Lachisanu madzulo, dzuwa lisanalowe, mai ayatsa makandulo a Sabata, ndipo m'mabanja ambiri makolo asanjika manja pa mutu wa mwana aliyense namdalitsa. Pa mgonero wa Paskha, wamng'ono koposa onse ndiye afunsa mafunso anai, ndipo akulu amyankha posimba za kutuluka m'Aigupto (onani Eksodo 12:26, 27). Pakagwa maliro, anamfedwa akhala m'nyumba masiku 7, ndipo a mumpingo abwera ndi chakudya napemphera nao momwemo. Ana aona zonsezi, naphunzira kuti chikhulupiriro chimayenda ndi mbale m'manja.

ZOTI TIKAMBIRANE:

1. Kodi ana athu tiwapatsa mpata wofunsa, kapena tingowalamula kukhala chete?

2. Ndi ntchito iti mumpingo mwathu imene siingachitike mwana wa zaka 13 atapanda kubwera?

3. Tchulani m'mtima mwana mmodzi wamasiye wa pafupi ndi kwanu. Kodi akumphunzitsa Mau a Mulungu ndani?