Shuga wa Pakati Akatha, Mayi Asaleke Kuyezetsa

Mayi amene anapezeka ndi shuga ali woyembekezera, nadziletsa miyezi yonse ija kumwa thobwa lotsekemera ndi tiyi wa masipuni atatu, akachira namva kuti shuga watsika, amabwerera kwawo ndi mtima woti mlandu watha. Kutsikako nkoona, pakuti nsengwa ndiyo imatulutsa michere yolimbana ndi insulin, ndipo ikatuluka, mwazi umayera m'masiku owerengeka. Koma pakati paja panangoulula kuti kapamba wa mayiyo amalefuka akasenzetsedwa katundu wolemera, ndipo kulefuka kumeneko kumatsala m'thupi. Mu 2020, magazini ya madokotala ya BMJ inasindikiza kafukufuku wosonkhanitsa zotsatira za maiko ambiri, amene anapeza kuti amayi otere amadzadwala shuga wokhalitsa pafupifupi kakhumi kuposa anzawo amene sanakhale naye pakati.

Za kusunga buku la kuchipatala sindichulukitsa mawu. Onetsetsani kokha kuti mwalembedwa kuti munali ndi shuga wa pakati.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa kuyezetsa koyamba, kumene kuyenera kuchitika pakati pa sabata 4 ndi 12 chichirireni, ndipo kwathu kuno kumagwera bwino pa sikelo ya sabata 6, tsiku limene mwana amalandira katemera. Ndaona amayi ochuluka akufika tsikulo mwana kumsana, buku lake lokutidwa bwino m'pulasitiki, namuyezetsa kulemera, namubayitsa, nabwerera osatchula n'komwe za mwazi wawo, chifukwa namwino amene ali ndi mzere wofika kunja kwa khonde sangalote zimene sanauzidwe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tsegulani pakamwa, mayi, munene kuti, "Ndinali ndi shuga ndili woyembekezera, ndabwera kudzayezetsa."

Enanso amayezetsa ndithu, koma mosayenera. Amadzuka, namwa phala ndi tiyi poopa njala ya panjira, nabayidwa chala, nauzidwa nambala yosasonyeza kanthu. Kuyeza koona kumafuna kuti mugone mutadya monga mwa masiku onse, kenaka musalawe kanthu maola osachepera 8, kupatula madzi okha. Musalawe kanthu, ndikubwerezanso: ngakhale chidutswa cha mbatata, ngakhale tiyi wopanda shuga amene apongozi akukakamizani chifukwa mukuyamwitsa. Kumene zipangizo zilipo, adzatenga mwazi m'mawa, nakupatsani madzi osungunuliramo magalamu 75 a glucose, ndipo mudzakhala pansi maola 2 athunthu asanatengenso wina. Maola amenewa si okagulira matemba kumsika, pakuti kuyenda kumatsitsa shuga ndi kunamiza woyeza. Khalani pa benchi pomwepo. Kuyeza kwachiwiriku ndiko kumagwira amayi ambiri amene mwazi wawo wa m'mawa umaoneka wabwino. Kumene glucose palibe, yezetsani wa m'mawa musanadye, koma musalole kuti mkodzo wokha ulowe m'malo mwa mwazi, chifukwa shuga amaonekera mu mkodzo atakwera kale kwambiri.

Musachoke ndi mawu oti "zili bwino" okha. Pemphani kuti nambalayo ilembedwe m'buku. Wa m'mawa akafika 126 mg/dL, kapena 7.0 mmol/L pa makina ena, ndiye kuti shuga alipo, ndipo adzayezanso kuti atsimikize. Chimodzimodzinso wa pambuyo pa maola 2 akafika 200, kapena 11.1. Wa maola 2 yemweyo akakhala pakati pa 140 ndi 199, pali chenjezo lakuti matenda ali pakhomo. M'zipatala za boma kuyezaku salipiritsa, ngakhale timapepala toyezera timasowa nthawi zina. Kolipira, kubaya chala kungadye zikwi zingapo za makwacha, ndipo kwa glucose kungapose pamenepo kangapo. Thiransipoti ndiyo imapweteka koposa, choncho ikani ndalama padera mwana asanabadwe.

Nambala ikatuluka yabwino, bwererani chaka ndi chaka, kapena mukachedwetsa, zisapitirire zaka 3, kufikira ukalamba, ndiponso musanatenge pakati pena. Tsoka silinunkha: shuga amatha zaka akudya maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi mwini wake akulima ndi kutunga madzi, ndipo amene amadikira ludzu losatha, kukodza usiku wonse ndi kuwonda, wadikira mopitirira.

Komabe matendawa akhoza kuchedwetsedwa, ngakhale kupewedwa. Pa kafukufuku wa Diabetes Prevention Program ku America, amayi amene anali ndi shuga wa pakati, nakhala kale pa chenjezo lija, anachepetsa chiopsezo chawo pafupifupi ndi theka m'zaka 3, ena pochepetsa thupi ndi kuyenda mwamphamvu mphindi 150 pa sabata, ena pomwa mankhwala a metformin. Yamwitsani nthawi yaitali, pakuti kutero kumathandizanso mayi. Chepetsani mitanda ya nsima, mukonde mgaiwa, muchulukitse nyemba ndi masamba, zakumwa za m'mabotolo muzisiye. Amene amati mayi woyamwitsa adye za anthu awiri kufikira mwana atayenda, ndi amene amayamikira kunenepa kwa pambuyo pa uchembere ngati umboni woti mwamuna akusamala, akukankhira mayiyo kudzenje. Ogulitsa zitsamba m'mabasi, olonjeza kutsuka shuga m'sabata imodzi, musawapatse ngakhale tambala.

Ndipo inu abambo a m'nyumba, tsiku la sabata 6 likafika, perekezani akazi anu, muwatengere chakudya chodzadya akatha kuyezetsa, ndipo musanyamuke pachipatalapo nambala isanalembedwe m'buku.