Tisanavule nsapato pa Cape Maclear

Tchuthi chikayandikira, magulu a achinyamata amayamba kusonkherana ndalama za ulendo wa kunyanja. Basi ikanyamuka pa Kameza m'mamawa, n'kudzera ku Lunzu, Zalewa, Balaka ndi Liwonde, imafika ku Mangochi dzuwa lili paliwombo, ndipo lisanalowe mwaponda kale mchenga wa ku Cape Maclear. Ambirife timakonzekera zovala, kamba ndi foni yojambulira. M'phunziro lino tiyeni tionjezepo chinthu chimodzi choti tidziwe tisanalowe m'madzi owala aja.

Malowa ali m'dera lotetezedwa la Lake Malawi National Park, lomwe linakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Kumtunda kuli anyani, apusi ndi milambe, ndipo nkhwazi zimalira pazilumba za Thumbi ndi Domwe. Pafupi pomwepo pali manda a amishonale a Livingstonia, amene anafika mu 1875 koma malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881. Komabe chimene chinatchukitsa malowa ndi nsomba, makamaka mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala. Zazikazi zimasunga mazira ndi tiana m'kamwa mpaka titatha kudziteteza. Ndiye chifukwa chake lamulo limaletsa usodzi pamtunda wa mamita 100 kuchokera kugombe la pakiyi.

M'madzi omwewo muli likodzo. Amene ali ndi matendawa akakodza m'madzi, mazira a nyongolotsi amene ali mumkodzo amaswa, ndipo tizilomboto timalowa mu nkhono. M'menemo timaswana, ndipo pakapita masabata angapo timatuluka tambirimbiri, n'kuboola khungu la aliyense wosamba, wochapa kapena wotunga madzi. Simufunika kumwa madziwo kuti mudwale. Onani kuti popanda nkhono tizilomboti sitingachoke kwa munthu wina kupita kwa wina.

Apa ndi pamene nkhani ya matenda ikukumana ndi ya nsomba. Kale anthu ankadziwa kuti likodzo limapezeka m'madambo ndi m'mabango, momwe madzi amadikha, ndipo gombe la mchenga la mafunde ankaliyesa labwino. Koma kuyambira cha m'ma 1980 odwala anayamba kuchuluka pamudzi wa Chembe, ngakhalenso pakati pa alendo amene anangosamba pamchenga. Akatswiri ena, monga Jay Stauffer wa ku Penn State University ndi Henry Madsen wa ku Denmark, atafufuza anapeza kuti nkhono ya mtundu wa Bulinus nyassanus, yomwe imakhala pamchenga penipeni, yachulukana ndipo nayonso ikufalitsa matendawa.

Chinaichulukitsa n'chiyani? M'nyanjamu muli nsomba zodya nkhono. Yodziwika kwambiri ndi Trematocranus placodon, yomwe ili ndi mano kukhosi ophwanyira zigoba ngati mphero. Makoka a maso ang'onoang'ono, ndiponso maneti a udzudzu amene ena anawasandutsa ukonde, amakokolola chilichonse m'madzi osaya, ndi tiana ta nsombazi tomwe. Nsombazo zitachepa, nkhono zinasowa wozidya. Ofufuzawo anaona kuti kumene nsomba zodya nkhono zili zochepa, nkhono zimachuluka.

Pano tisafulumire kuloza chala msodzi. Bambo amene akukoka neti ya udzudzu ali ndi ana ofuna ndiwo madzulo, ndipo ife a m'tauni ndife amene timagula tinsomba tosakhwimato pamsika popanda kufunsa. Tikatsika basi n'kuyamba kunenerera kasawala, tiana ta chambo, tikulimbikitsa khoka lomwelo limene likuchotsa mlonda wa pagombe. Kwa ine, apa ndi pamene wophunzira ayenera kusiyana ndi mlendo wamba.

Nanga tileke kupita kunyanja? Ayi, tipite, koma mwanzeru. Ngozi imakula pafupi ndi mudzi, m'madzi osaya momwe anthu amachapira ndi kusambira. Kumadzi akuya a kuzilumba, kofika ndi boti, imachepa koma sitheratu. Kudzipukuta ndi thaulo mukangotuluka si chitetezo chodalirika. Ndipo atsogoleri a ulendo atsimikize kuti pali chimbudzi, aliyense asakodze m'nyanja.

Mukabwerako, musadikire kuona magazi mumkodzo, chifukwa ena amakhala nalo nthawi yaitali osamva kanthu pamene mazira akuononga chikhodzodzo. Kwa alongo athu likodzo limatha kufika m'njira yoberekera, n'kumapweteketsa m'chinena kapena kutulutsa magazi, mpaka ena kumaganiziridwa matenda opatsirana pogonana pamene anangosamba m'nyanja. Muuzeni dokotala kuti munalowa m'madzi a kunyanja komanso tsiku lake.

Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe Unduna wa Zaumoyo umagawanso m'masukulu. Koma mankhwalawa amapha bwino nyongolotsi zokhwima, osati zimene zangolowa kumene. Kumwa tsiku lotsatira mutangofika ku Blantyre sikuthandiza kwenikweni. Werengani pafupifupi miyezi iwiri kuchokera tsiku limene munasamba, kenako pitani kuchipatala mukayezetse, gulu lonse limene munali m'basi muja.